KHADI LA BANKI PA KHOMO LA NDEGE

Kale munthu wa ku Migodi akafuna kuyenda ulendo wautali, anali kupita ku siteshoni ya sitima pa Ndola kapena pa Kitwe, naturutsa ndalama m'thumba, nazipereka kwa kalaliki pa zenera, nalandira tikiti yace m'manja. Kalaliki anaona ndalama ndi maso, anaonanso mwini ndalamazo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Masiku ano apaulendo ambiri a pa ndege sagulanso tikiti motero. Amagula ali khale m'nyumba zao, pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta, nalipira ndi khadi la banki. Njira iyi njofulumira ndithu, koma yabala mwambo wina umene ukudabwitsa anthu pa mabwalo a ndege. Munthu afika ndi katundu wace, pasipoti iri bwino, tikiti iri bwino, koma kalaliki wolemba okwera ndege amuuza kuti ayambe waonetsa khadi limene linalipira tikitiyo. Amene ali nalo m'thumba angocedwa maminiti awiri. Amene alibe akhoza kutsala, ndege nipita.

Mwambo umenewu uli m'maiko ambiri, ndipo wokwera ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda mu Lusaka, kapena la Simon Mwansa Kapwepwe pa Ndola, kapena la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone, akhoza kukomana nao tsiku liri lonse. Si apaulendo onse amene amafunsidwa, ndiponso si makampani onse a ndege amene amafunsa. Wina ayenda maulendo ambiri osamva funsoli, tsiku lina nalimva alikufulumira. Cotero omvera ayenera kudziwa cifukwa cace ca funso limeneli ndi kukonzeka lisanawapeze, makamaka iwo amene amagulira matikiti makolo ao, akazi ao, ana ndi abale.

KUMENE MAKHADI ANACOKERA

Ndege ndi makhadi anayamba kale kuyendera limodzi. M'caka ca 1936 makampani a ndege a ku America anagwirizana pa khadi lochedwa Air Travel Card, limene munthu anali kukwera nalo ndege lero ndi kulipira pambuyo pace. M'caka ca 1950 Frank McNamara wa mu New York anayamba khadi la Diners Club lolipirira cakudya m'nyumba zodyera. M'caka ca 1958 Bank of America inaturutsa BankAmericard, limene linachedwa Visa kuyambira 1976, ndipo m'caka ca 1966 mabanki ena anapangana kuyamba khadi lao, limene lero lidziwika ndi dzina la Mastercard. Makhadi ambiri amene mabanki a mu Zambia apatsa anthu ali ndi cizindikiro ca Visa kapena ca Mastercard, ndico cifukwa cace khadi lotengedwa pa Kitwe likhoza kulipira tikiti ku kampani ya ku Addis Ababa, ku Nairobi, ku Johannesburg kapena ku Dubai.

Pa makhadi ambiri pali manambala 16, koma pa la American Express pali 15. Nambala yoyamba ionetsa mtundu wa khadi: la Visa liyamba ndi 4, la Mastercard liyamba ndi 5 kapena 2, la American Express liyamba ndi 3. Nambala yotsiriza njoyesera zinzace, monga mwa masamu amene anakonza Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM, kotero kuti munthu akaphonya nambala imodzi polemba, kompyuta izindikira msanga kuti palakwika. Palinso mwezi ndi caka cothera khadi, ndi manambala 3 acinsinsi olembedwa kumbuyo. Koma zonsezi zingotsimikiza kuti khadilo liripo. Sizinena ngati munthu amene alikulemba manambalawo ndiye mwini wace.

Tikiti nayo inasintha. Masiku a Central African Airways, kampani imene inali kuulutsa ndege m'maiko ano kuyambira 1946 kufikira 1967, ndi masiku a Zambia Airways yoyamba ija imene inatsekedwa mu 1994, tikiti inali kabuku ka mapepala kotengedwa ku ofesi, ndipo pa ulendo uli wonse kalaliki anali kung'ambamo tsamba limodzi. Bungwe la makampani a ndege a dziko lonse lochedwa IATA, limene linakhazikitsidwa mu 1945, linathetsa matikiti a mapepala pa 1 June 2008. Tsopano tikiti ndi manambala 13 osungidwa m'kompyuta ya kampani, pamodzi ndi zilembo 6 zodziwira malo a munthuyo m'ndege. Munthu akalipira, tikiti ifika pa lamya yace m'maminiti owerengeka, wogulitsa osaona nkhope ya wogula ngakhale kamodzi.

CIFUKWA CACE AKUBA AKONDA MATIKITI

Munthu akagula ufa ndi shuga m'sitoro, alowetsa khadi m'kamakina, kamakinako kawerenga kacitsulo kakang'ono kali pa khadipo, mwiniyo nalemba nambala yace yacinsinsi yochedwa PIN. Wakuba amene alibe khadi lenilenilo m'manja sangaphule kanthu pamenepo. Pa intaneti zinthu nzosiyana. Pamenepo khadi silioneka. Ciri cofunika ndi dzina, manambala 16 aja, tsiku lothera, ndi manambala 3 a kumbuyo. Ali yense amene wakopera zimenezi papepala akhoza kugula monga mwini, khadi liri cikhalire m'cikwama ca mwini wace, iye osadziwa kanthu.

Akuba apeza manambalawo m'njira zambiri. Ena awakopera pamene khadi laperekedwa m'manja mwao m'sitoro kapena m'hotela. Ena aimba lamya kapena atumiza uthenga wonama monga ngati acokera ku banki, nanyenga munthu kuti achule manambala ace yekha. Ena athyola makompyuta a makampani akuru. M'caka ca 2018 akuba otere analowa m'makompyuta a British Airways natenga mbiri ya anthu oposa 400,000, ndi manambala a makhadi a ambiri a iwo, ndipo mu October 2020 ofesi ya boma la Britain yoyang'anira za mbiri ya anthu inalipitsa kampaniyo mapaundi 20 miliyoni. Manambala obedwa motero agulitsidwa kwa akuba ena m'maiko akutali.

Wakuba akagula wailesi kapena njinga pa intaneti, ayenera kuchula nyumba kumene katunduyo akaperekedwe, ndipo mapazi ace aoneka. Tikiti ya ndege siifuna galimoto yoitula pakhomo. Iri ndi mtengo waukuru, ifika nthawi yomweyo, ikhoza kulembedwa m'dzina la munthu ali yense, ndipo ikhoza kugwira nchito mawa lomwe, mwini khadi asanaone kuti ndalama zace zacoka. Ndico cifukwa cace akuba aikonda kopambana katundu wina.

AMENE ATAYA NDANI?

Mwini khadi akaona kuti ndalama zace zacotsedwa pa tikiti imene iye sanagule, adandaula ku banki yace. Malamulo a Visa ndi Mastercard amlola kutero ngakhale patapita nthawi, kawirikawiri kufikira masiku 120. Banki ikapeza kuti anena zoona, ilanda ndalamazo kwa wogulitsa ndi kuzibwezera mwini. Pamene malonda anacitika khadi losaoneka, ndipo banki sinatsimikize wogula, wogulitsa ndiye asenza kutayako. Cotero kampani ya ndege ibweza mtengo wonse wa tikiti, ilipiranso ndalama zina za cilango, pamene munthu uja inamnyamula kale, inamdyetsa, nimtula kumene anali kupita. Mpando wa m'ndege sufanana ndi thumba la cimanga limene lingalandidwe ndi kugulitsidwanso. Ndege ikauluka, mpandowo wapita.

Kutaya kumeneku sikocepa. M'caka ca 2014 bungwe la apolisi a maiko a Europe lochedwa Europol linanena kuti makampani a ndege anali kutaya ndalama zokwana ngati madola 1 biliyoni caka ciri conse cifukwa ca matikiti ogulidwa mwacinyengo. Kampani ikakhala ndi madandaulo otere ocuruka, mabanki aikwezera mtengo wolandirira makhadi. Tsono tebulo la kalaliki pa bwalo la ndege ndilo cipata cotsiriza. Munthu akadutsa pamenepo ndi cipepala cokwerera m'manja, kampani iribenso pomgwirira.

AMENE AFUNSIDWA NDANI?

Kalaliki sasankha munthu poyang'ana nkhope kapena zobvala zace. Kusankhako kucitika kale pa tsiku logula, ndipo icita ndi kompyuta imene iyesa malonda ali onse. Zizindikiro zimene ziutsa cikaiko ndi monga izi: dzina la pa khadi losiyana ndi dzina la wapaulendo, khadi la dziko lina, logwiritsidwa nchito m'dziko lina, pa ulendo woyambira m'dziko lacitatu, tikiti yogulidwa maora owerengeka ndege isananyamuke, ulendo wopita wokha wopanda wobwerera, mpando wa mtengo wapatali, kapena makhadi angapo oyesedwa motsatana kufikira limodzi labvomera. Zizindikiro zikacuruka, kompyuta iika cenjezo pa tikitiyo. Nthawi zambiri munthu wotere akayesa kudzilembetsa yekha pa lamya tsiku la ulendo lisanafike, akanizidwa, nauzidwa kuti akaonekere kwa kalaliki. Kukanizidwa kumeneko ndi mbendera yoyamba, ndipo wanzeru aimba lamya ku kampani tsiku lomwelo kufunsa cimene cifunika.

Cobvuta ncakuti zizindikiro zimene zigwira wakuba zigwiranso munthu wolungama. M'mabanja ambiri a kuno munthu mmodzi wa pa nchito ndiye anyamula abale ambiri, ndipo kugulira wina tikiti ndi cinthu ca masiku onse. Namwino wa ku Manchester agulira amai ace a ku Chipata tikiti yocokera mu Lusaka. Pamenepo khadi ndi la Britain, dzina ndi lina, ulendo uyambira mu Zambia. Maliro akagwa, tikiti igulidwa usiku, ulendo mmawa. Kompyuta siidziwa maliro, siidziwanso cibale. Akuru anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo apa olungama abvutika cifukwa ca akuba.

Zimacitika motere. Mwamuna wa nchito ya pansi pa mgodi wa Mufulira agulira amai ace tikiti yopita ku Johannesburg, kumene mwana wao wamkazi wagonekedwa m'cipatala. Alipira ndi khadi lace, atumiza tikiti pa lamya ya mphwace amene aperekeza amaiwo ku Ndola, iye nalowa shifiti ya mmawa. Pa bwalo la ndege kalaliki ayang'ana m'kompyuta, nati, "Pepani amai, kodi khadi limene linalipira tikiti iyi muli nalo?" Amaiwo ayankha, "Iai mwana wanga, ine za makhadi sindizidziwa. Anagula ndi mwana wanga wa ku Mufulira." Kalaliki ati, "Nanga kalata yocokera kwa iwo, kapena cithunzi ca khadilo?" Palibe. Aimba lamya, koma mwini khadi ali pansi pa nthaka kumene lamya siifika, ndipo adzaturuka madzulo. Pa maulendo opita kunja makampani ambiri atseka kulemba okwera kutatsala ora limodzi. Palibe amene waba kanthu, palibe amene wanama, koma amaiwo akhoza kubwerera ndi katundu wao, wodwala alikuwayembekeza.

CIMENE KALALIKI AYANG'ANA

Ambiri aopa kuti akapereka khadi adzacotsedwanso ndalama. Sizitero. Tikiti inalipiridwa kale, ndipo kalaliki angofananitsa. M'kompyuta mwace muoneka manambala owerengeka a khadi, kawirikawiri 4 otsiriza, pakuti malamulo a makampani a makhadi, amene anayamba mu 2004, aletsa ogulitsa kuonetsa nambala yonse kwa wanchito ali yense, aletsanso kusunga manambala 3 a kumbuyo malonda atatha. Kalaliki ayang'ana ngati manambala otsiriza agwirizana, ngati dzina la pa khadi ligwirizana ndi la pa pasipoti kapena pa citupa, nacotsa cenjezo lija, napereka cipepala cokwerera.

Pa kufananitsa kumeneku PIN siifunika konse. Munthu ali yense wofunsa PIN, kapena wofuna kulemba manambala a kumbuyo papepala, kapena wofuna kupita ndi khadi kuseri, ayenera kukanidwa, ndipo nkhaniyo iperekedwe kwa mkuru wa akalaliki. PIN ilembedwa pokhapo munthu alikulipira cinthu catsopano pa kamakina, monga katundu wopitirira muyeso, ndipo ailemba mwini yekha.

Khadi likasowa, zocitika zisiyana monga mwa malamulo a kampani. Ina ilandira kalata ya mwini khadi pamodzi ndi zithunzi za khadi ndi citupa cace. Ina ifuna kuti mwini khadi aonekere yekha ndi khadi lace, pa bwalo la ndege kapena ku ofesi ya kampani m'tauni iri yonse, ulendo usanafike. Ina iuza wapaulendo kuti alipirenso pomwepo ndi ndalama kapena ndi khadi lina, ndipo ndalama zoyamba zidzabwezedwa ku khadi loyamba patapita masiku kapena masabata. Pamenepo pali msampha, pakuti nthawi zina tikiti yatsopano igulitsidwa pa mtengo wa tsiku lomwelo, umene uposa mtengo wa mwezi wathawo. Zonse zikalephereka, kampani ikana kumnyamula munthuyo. Mphamvu yakutero iri m'mapangano a ulendo amene wogula ali yense abvomera pogula, ngakhale owerenga mapanganowo ngowerengeka.

ZOYENERA KUCITA ULENDO USANAFIKE

Safunsa anadya phula. Coyamba, wogula awerenge mau onse pa tsamba lolipirira ndi m'kalata imene ifika pamodzi ndi tikiti. Kampani imene ifuna kuona khadi kawirikawiri inena pamenepo, ngakhale ndi zilembo zazing'ono. Pa matsamba ena pali funso lakuti kodi mwini khadi ali mmodzi wa apaulendo. Funso limenelo liyankhidwe moona, pakuti yankho lonama ndilo lidzatsekereza munthu pa tebulo la kalaliki.

Caciwiri, amene adzigulira yekha anyamule khadi lomwelo limene analipirira, popita ndi pobwera pomwe. Ambiri ali ndi makhadi awiri kapena atatu, naiwala limene linagwira nchito. Manambala 4 otsiriza alembedwa pa lisiti ya tikiti, ndipo kuyang'ana pamenepo kuthetsa cikaiko. Khadi likatha nthawi yace, kapena likatayika banki nipereka lina, nambala ikhoza kusintha. Wotere asataye khadi lakale ulendo usanathe, ndipo ngati linatayika apemphe ku banki kalata kapena cikalata coonetsa kuti ndalama za tikitiyo zinacoka m'buku lace. Amene alipira ndi khadi losungidwa m'lamya adziwe kuti lamya itumiza nambala ina yoimira khadi, kotero manambala otsiriza a pa lisiti akhoza kusiyana ndi a pa khadi la m'thumba. Manambala onse awiri aoneka m'lamyamo, ndipo akhoza kuonetsedwa kwa kalaliki.

Cacitatu, amene agulira mnzace afunse kampani masiku akalipo kuti ifuna ciani. Ngati ilandira kalata, kalatayo ichule dzina la mwini khadi, dzina la wapaulendo monga liri pa pasipoti, nambala ya tikiti, tsiku ndi njira ya ulendo, ndi mau akuti mwini walola khadi lace kulipira tikitiyo. Pansi asaine, nalembe nambala ya lamya imene angapezeke nayo pa ora la ulendo. Pojambula khadi abise manambala a pakati, asiye 4 otsiriza ndi dzina, ndipo manambala 3 a kumbuyo asaoneke konse. Cithunzi ca khadi lonse cikagwa m'manja mwa wina, cisanduka mfungulo ya nkhokwe. Wa nchito ya mashifiti ayang'ane ngati pa ora limenelo adzakhala pamwamba kapena pansi. Ngati adzakhala pansi, atsirize zonse dzulo lace, ndipo mapepala akhale m'cikwama ca wapaulendo, osadalira lamya yokha imene moto wace ungathe.

Cacinai, pali njira zolipirira zimene sizidzutsa funsoli. Tikiti yolipiridwa ndi ndalama pa ofesi ya kampani, kapena potumiza ndalama kucokera ku banki, kapena ndi ndalama za pa lamya kumene kampani izilandira, iribe khadi loti lionetsedwe. Cofunika nkusunga lisiti. Tikiti yogulidwa ku ofesi yodziwika ya ogulitsa matikiti, imene iri m'kaundula wa IATA, kawirikawiri siifunsidwa khadi, pakuti ofesiyo ndiyo iyankha mlandu ndalama zikabvuta. Momwemonso matikiti amene kampani ya mgodi igulira anchito ace. Pogulira nkhalamba, mwana wa sukulu, kapena munthu amene sanakwerepo ndege, njira zimenezi nzabwino ngakhale ziwonjeze ndalama pang'ono.

Cacisanu, wapaulendo afike msanga, maora 3 ndege ya kunja isananyamuke. Bvuto lopezeka nthawi ikalipo likhoza kukonzedwa ndi lamya imodzi kapena ziwiri. Likabuka, kukalipira kalaliki sikuthandiza, pakuti cenjezolo sanaliike ndiye, ndipo akalicotsa popanda umboni nchito yace iri pa ngozi. Cothandiza nkupempha mwaulemu kuonana ndi mkuru wace, amene ali ndi mphamvu yoimba ku likulu la kampani.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Pali anthu ena amene funso la khadi liwagwera molemera koposa, ndiwo ogula matikiti ochipa kwa anthu osadziwika. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamaoneka olengeza kuti ali ndi matikiti a theka la mtengo, ena nadzicha abale a anchito a m'makampani a ndege. Wogula atumiza ndalama pa lamya, nalandira tikiti. Akayesa zilembo 6 zija pa tsamba la kampani, dzina lace lioneka, mtima nukhala pansi. Tikitiyo njeniyeni ndithu, koma inalipiridwa ndi khadi lobedwa, ndipo wogulitsa uja waika m'thumba ndalama zonse za wogula popanda kutaya ngwee. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwini khadi akadandaula ulendo usanafike, tikiti ifafanizidwa, wogula nadziwa ali kale pa bwalo la ndege. Akadandaula munthu ali kale kunja, ulendo wobwerera ndiwo ufafanizidwa, ndipo munthu atsala m'dziko la eni wopanda ndalama yobwerera. Wogulitsa uja lamya yace siipezekanso. Coipa copambana ncakuti amene aima pamaso pa apolisi ndiye wapaulendo, popeza dzina la pa tikiti ndi lace. Mu November 2014 Europol, pamodzi ndi apolisi a maiko 45 ndi makampani a ndege oposa 60, anachera pa mabwalo a ndege oposa 80 masiku awiri, nagwira anthu 118 okhudzidwa ndi matikiti ogulidwa mwacinyengo, ndipo kusaka kotere kunabwerezedwa zaka zotsatira. Munthu wogwidwa motero ayenera kufotokoza kumene anatenga tikiti, ndipo ngati alibe lisiti, alibe dzina la ofesi, ali ndi nambala ya lamya yozima yokha, mau ace alemera pang'ono.

KODI MWAMBOWU UDZATHA?

Funso la khadi lacepa kusiyana ndi zaka zoyamba za matikiti a pa intaneti, cifukwa ca njira yochedwa 3-D Secure, imene Visa inayamba kufalitsa mu 2001. Mwa njira imeneyi banki ya mwini khadi iloweramo pa nthawi yogula: itumiza nambala yogwira nchito kamodzi kokha ku lamya ya mwini, kapena imfunsa kuti abvomereze m'lamya mwace, ndipo malonda satha kufikira iye atatero. Banki ikatsimikiza wogula motero, mlandu wa cinyengo ucoka pa wogulitsa nupita ku banki, ndipo kampani ya ndege iribenso cifukwa cacikuru cofunira khadi. M'maiko a European Union lamulo lokakamiza kutsimikiza kotere linayamba mu 2019. Koma si makhadi onse ndi malonda onse a dziko lapansi amene adutsa m'njira imeneyi, ndipo akuba aphunzira kunyenga anthu kuti awawerengere nambala ija pa lamya. Banki yeniyeni siipempha nambala imeneyo. Woipempha ndi mbala. Pokhala mipata yotere ikalipo, makampani ena asungabe cipata ca pa bwalo la ndege.

Dandaulo la apaulendo liri ndi maziko ace. Kampani imene yalandira ndalama za munthu iyenera kunena poyera, ndi zilembo zooneka, pa tsiku logula, kuti khadi lidzafunika, ndi kupereka njira yapafupi yotsimikizira mwini khadi ali kutali. Kubisa lamulo lotere pakati pa mau ambirimbiri ndi kulionetsa ora lotsiriza nkulanga wosalakwa. Amene wabvutika motero ali ndi ufulu wolemba dandaulo ku kampani, atasunga malisiti onse, ndi kulondola ndalama zace zoyamba kufikira zitabwera.

Koma funso lenilenilo siliri citonzo. Anchito a pansi adziwa kuti munthu satsika mgodi popanda kuonetsa nambala yace ndi kutenga nyali yolembedwa m'dzina lace, ngakhale wagwira nchito zaka 20 ndipo kapitao amdziwa bwino. Palibe amene ayesa kuti kufunsidwa nambala nkuchedwa wakuba, pakuti onse adziwa kuti kuwerenga kumeneko kucinjiriza iwo omwe. Khadi la pa bwalo la ndege liri cimodzimodzi. Kalaliki amene lero acedwetsa munthu wolungama ndiye mawa adzaimitsa mlendo wokwera ndege ndi malipiro a mwezi wonse a munthu yemweyo. Cotero wogula tikiti ndi khadi asunge khadilo pamodzi ndi pasipoti, ndipo wogulira amai ace asalowe shifiti asanawapatse kalata m'manja.